Nkhanu Yagolide ya pa Tsubameya

A Nabeshima Kozo akhala pa tebulo logulira makaseti akale a magemu m'sitolo ya Tsubameya, ku Nipponbashi, kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mumsewu monsemo amawatchula kuti Nabe-san, ndipo mukafunsa aliyense, ngakhale mayi uja wokazinga timibulu ta takoyaki pakona, akuuzani kuti kaseti yafeki ikafuna kudutsa pamaso pa Nabe-san iyenera kudikira tsiku lomwe aiwala magalasi kunyumba. Tsiku limenelo silinafikebe.

Anabadwira ku Sakai, m'banja lonola mipeni. Bambo awo ankafuna kuti mwana adzatenge mwala wonolera, koma mwanayo maso anali pa kanema, zala zili pa mabatani, mpaka bambowo anagwa ulesi. Sukulu anailekera panjira. Anayesa kupalasa njinga yoperekera chakudya cha udon m'maofesi, anayesa kusesa m'nyumba ya juga ya pachinko, zonse zinawakana. Tsiku lina analowa mu Tsubameya kudzagulitsa makaseti awo a paubwana, n'kuyamba kutsutsana ndi mwini sitolo, a Iwabuchi, za kaseti ina yomwe inali m'kabati yagalasi. Anakokana mpaka chakudya cha a Iwabuchi kuzizira. Mawa lake anayamba ntchito.

Ntchito yake ndi yooneka yophweka kwa munthu wongodutsa. Anthu amabwera ndi makaseti m'majumbo ndi m'mabokosi a nsapato, ena aeniweni, ena opangidwa dzana kuti aoneke ngati a m'zaka za m'ma 1980. Vuto ndi loti makaseti akalewo satsegulidwa wamba. Alibe zomangira zomasula. Amagwirana ndi tingowe ta pulasitiki tomwe takalamba zaka makumi anayi, ndipo ukangofinya molakwika timati thyo, mtengo n'kugwa pakati. Choncho munthu amayenera kuona zam'kati asanatsegule. A Nabeshima amaika kasetiyo pa kasikelo ka mankhwala. Amayendetsa chikhadabo pa pepala lomata kuti amve ngati inki inalowa kapena inangokhala pamwamba. Kenako amainunkhiza, maso ali tsinzinu. Amati pulasitiki wakale amanunkha ngati m'kabati yosungira zofunda, watsopano amanunkha ngati chidebe cha m'sitolo ya zinthu zotsika mtengo za mayeni zana.

Koma chidindo sichinali chawo.

Pa Tsubameya kaseti iliyonse yodula imalowa m'kabati ndi kakhadi koyera, ndipo pa kakhadiko pamakhala chidindo chofiira chaching'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Osonkhanitsa magemu kuyambira ku Sapporo mpaka ku Fukuoka amalipirira kadontho kofiirako kuposa kasetiyo. Chidindocho a Iwabuchi ankachisunga m'kachikwama kansalu, m'thumba la pachifuwa. Zaka zonsezi zinkayenda motere: a Nabeshima aona, anunkhiza, ati "yeniyeni," a Iwabuchi n'kudinda. Wina alima, wina akolola, koma a Nabeshima sankadandaula, chifukwa mkuluyo anali atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, analibe mwana wofuna sitolo, ndipo aliyense ankadziwa thumba lomwe kachikwamako kadzagwere. Kunyumba kwa a Nabeshima, akazi awo a Harumi anawapezapo akudinda nyuzipepala yakale ndi chidindo cha kubanki, kuyeserera dzanja.

Ndiye kunabwera Kurata Tomoe.

Anali mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, wochokera ku fakitale ina ya zamagetsi ku Kadoma yomwe inatsekedwa. Anabwera ndi kamakina kake kolowetsamo kaseti, komwe kamawerenga gemu yonse n'kuionetsa pa kompyuta, kenako n'kuiyerekeza ndi yeniyeni nambala ndi nambala. Chomwe a Nabeshima ankachichita kwa theka la ola, iye ankachimaliza tiyi asanazizire. Zikanathera pamenepo bwenzi zili bwino. Koma mayiyu ankajambulanso ntchito yake pa foni n'kuika pa intaneti, ankaseka mokweza, ankakumbukira mayina a ana a makasitomala, ndipo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi anthu anayamba kulowa m'sitolo akusuzumira kuseri kwa mutu wa a Nabeshima.

"Pepani, Kurata-san alipo?"

"Wapita kukadya. Ndilipo ine."

"Aa, chabwino. Ndidikira."

Munthu kuima pamenepo mphindi makumi anayi, jumbo lili m'manja, akuwerenga mitengo ya zinthu zomwe sakuzifuna, kudikira mayi wobwera dzulodzuloli! A Nabeshima ankangopukuta sikelo yomwe inali yoyera kale.

Chowawa kwambiri n'choti Kurata analibe mlandu woti n'kumugwira nawo. Ankafika m'mawa kuposa aliyense. Ankawasiyira mpando wapafupi ndi chotenthetsera m'nyumba.

"Nabe-san, mwadzukanso ndi nkhope ya nsomba youma lero."

"Nsomba youma imasungika, Kurata-san. Yaiwisi ndi ya tsiku limodzi."

"Eee! Ndiye ine mundiike mufiriji msanga, ndisanayambe kununkha."

Ankaseka yekha, makasitomala n'kumuthandiza, a Nabeshima n'kuzindikira kuti ngakhale mwano wawo ukumukometsera mnzawoyo.

Kunyumba nkhani inali yomweyo. M'mawa wina a Harumi anaika mbale ya msuzi wa miso patebulo mwamphamvu ndithu.

"Inu, mwana wa eni akeyu wakulakwirani chiyani? Sabata yonse Kurata, Kurata. Ndikanakhala mkazi wina bwenzi ndikuganiza zina."

"Sadziwa kanthu. Makina ndiwo akudziwa."

"Nanga sikelo yanu ija si makina?"

"Idya, mpunga ukuzizira," anatero a Nabeshima, ngakhale mpunga wozizira unali wawo.

Mwezi wa Novembala a Iwabuchi anaitana onse awiri kuchipinda chakumbuyo, pakati pa makatoni. Anati mawondo awo atopa ndi masitepe. Anati sitolo ikadzatsegulidwa chaka chatsopano chidindo chidzakhala m'manja mwa wina, ndipo kufikira nthawiyo katundu wamkulu aziyamba waonedwa ndi Kurata, kuti nayenso aonetse dzanja lake. "Wina," anatero, osatchula dzina. A Nabeshima anawerama ngati munthu wovomera. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, lero aikidwe pasikelo limodzi ndi munthu wa miyezi khumi?

Kumayambiriro kwa Disembala, Lachitatu masana, kunalowa bambo wina wa suti yotuwa, waulemu, atanyamula kabokosi kokulunga m'kansalu. Anati akukonza nyumba ya malemu mchimwene wake ku Wakayama ndipo wapeza ichi. Atamasula, onse m'sitolomo anasuzumira.

Inali Nkhanu Yagolide. Ndi momwe anthu a ntchitoyi amaitchulira: gemu ya nkhanu yothamanga, m'chikuto chopakidwa golide, yomwe sinagulitsidwepo m'sitolo. Inkaperekedwa kwa ana opambana mpikisano wa padenga pa masitolo akuluakulu m'chilimwe cha 1987, ndipo zinalipo mazana awiri basi. A Nabeshima anali ataigwirapo kamodzi kokha pa moyo wawo. Manja awo ananyamuka okha patebulo. Koma lamulo linali litaperekedwa, ndipo kabokosiko kanawadutsa pamphuno kupita kwa Kurata.

Anaigwira bwino, zimenezo sangamunamizire. Anaiyeza kulemera, kunali kwake. Anaona pepala lomata pansi pa galasi lokulitsira, linali lakale lenileni. Golide anali atasupuka m'makona momwe zala za mwana zimagwira, ndipo kumbuyo kunali dzina lolembedwa ndi cholembera chakuda, lofufutika theka: "Takashi, kalasi 3." Kenako anaitembenuza kuti ailowetse m'kamakina kake, ndipo apo, kwa kanthawi kophethira diso kamodzi, mano a mkuwa a pansi pa kasetiyo anayang'ana kwa a Nabeshima.

Anali mbee, ngati ochokera kwa dokotala wa mano.

Aliyense amene anali mwana nthawi imeneyo amadziwa. Gemu ikakana kuyaka, unkazula kaseti, n'kuiuzira mpweya ku mano, fuu fuu, n'kubwezeranso. Pamabokosi ankalemba kuti osatero, ana onse a m'dziko muno ankatero. Ndipo mpweya wa mwana, wonyowa ndi malovu ndi zotsekemera, umasiya chizindikiro chake: timadontho ta dzimbiri lobiriwira m'mphepete mwa mano, tomwe ngakhale utapukuta bwanji timasiya zipsera. Kaseti yosungidwa m'bokosi osaseweredwa ikhoza kukhala ndi mano oyera. Koma kaseti yomwe Takashi wa kalasi 3 anailemba dzina, n'kuigwira mpaka golide kusupuka? Ameneyo anaiuzira kambirimbiri. Chikuto chinali chenicheni, zam'kati wina anachotsa n'kuikamo zatsopano. Kurata sakanadziwa. Iye anakula magemu atasamukira kale pa madisiki, sanauzirepo kanthu.

Kompyuta inati tii. Nambala zonse zinagwirizana, monga momwe chokopera chabwino chimagwirizanirana ndi chomwe chinakoperedwa.

"Zonse zili bwino," anatero Kurata mosangalala. Kenako anatembenuka, kasetiyo ili m'manja awiri. "Nabe-san, taionaniko. Inu munaigwirapo yeniyeni."

Anachita kuwapatsa yekha. A Iwabuchi anali chiimire pambali, akuyang'ana. A Nabeshima anaona mtsogolo monse bwinobwino ngati gemu yomwe anaimaliza kale: akanena tsopano, Kurata athokoza, aseka, mawa ajambula kanema wa "momwe tinagwirira yafeki," ndipo anthu adzabwerabe kudzafunsa ngati Kurata-san alipo. Koma ikalowa m'kabati, dzina la Kurata lili pa kakhadi...

Anapinda manja. "Makina anu anena kale. Ine ndine ndani, nsomba youma?"

Sitolo inagula pa mayeni miliyoni imodzi ndi theka. Bambo wa suti anawerama katatu n'kuona msana wa njira. A Iwabuchi anatulutsa kachikwama, n'kudinda.

Masabata atatu Nkhanu Yagolide inakhala pakati pa kabati, pa kansalu kofiira. Anthu ankachita kukwera sitima kuchokera ku Nagoya kudzaijambula. Kurata anaitanidwa kukalankhula pa wailesi ina yam'deralo. Mayi wa takoyaki anayamba kumuonjezera timibulu tiwiri taulere. A Nabeshima ankaona zonsezi mtima ukupsa ndi kukoma nthawi imodzi, ngati munthu wotafuna tsabola mwadala. Anali atasankha tsiku: la makumi awiri ndi chisanu ndi chinayi, tsiku losesa sitolo yonse chaka chisanathe, pomwe a Iwabuchi akhale akumanga maganizo. Adzatenga kasetiyo ngati akupukuta fumbi, adzaitembenuza, adzati, "Abwana, tabwerani muone kanthu." M'sitima ankayeserera mawuwo, milomo ikugwedera, mpaka mtsikana wina wasukulu anasamuka mpando.

Koma pa makumi awiri ndi chitatu kunabwera a Hoshikawa.

Awa anali dalaivala wa sitima, kasitomala wa a Nabeshima kwa zaka makumi awiri, munthu yemwe nyengo yozizira iliyonse ankabweretsa jumbo la mananchesi a kumudzi kwawo. M'chilimwe chija cha 1987 anafika mpaka ndime yomaliza ya mpikisano padenga la sitolo ina ku Namba, n'kugonja kwa kamtsikana kovala magalasi. Nkhani imeneyi a Nabeshima anali ataimva kosawerengeka. Tsiku limeneli anaika mananchesi patebulo, kenako envelopu yonenepa pambali pake.

"Ndalankhula ndi mayi a kunyumba," anatero. "Ati ndikagula imeneyi, ulendo wa ku akasupe otentha wathera pomwepo, ndipo ndizitsuka mbale mpaka imfa. Ndavomera."

Kurata anathamangira makiyi a kabati. A Iwabuchi anatuluka kumbuyo akumwetulira. Kasetiyo inafika patebulo, kakhadi ka chidindo chofiira kali pambali. A Hoshikawa sanayang'ane n'komwe kakhadiko. Anayang'ana a Nabeshima.

"Nabe-san, mwaiona inu, eti? Ine za makompyutazi sindizidziwa. Inu mukati ee, basi."

Pafupifupi chaka chathunthu a Nabeshima anadikira kuti munthu alowe m'sitolo muno n'kufunsa iwo, Kurata ali pomwepo. Zinafika, koma zinafika masiku asanu ndi limodzi nthawi isanakwane, anthu asanu ndi awiri ali m'sitolo, mafoni ali m'manja. Anayang'ana mananchesi. Anayang'ana zala za mkuluyo zomwe zinkasisita kona ya envelopu.

"Bwezani envelopuyo m'thumba, Hoshikawa-san. Pitani nawo amayi ku akasupe."

"Mukuti bwanji?"

Anatembenuza kasetiyo, n'kuiika pansi pa nyale. "Inu, gemu ikakana kuyaka munkatani?"

A Hoshikawa anakweza dzanja kukamwa, milomo itasongoka kale, n'kuima pomwepo. Anasuzumira mano aja. Nkhope yawo inagwa.

Kurata anafunsa funso limodzi lokha, anayankhidwa, ndipo sanatsutse. Anapempha chilolezo kwa a Iwabuchi ndi maso, anatenga tizitsulo take topyapyala, n'kuyamba kutsegula. Kangowe kamodzi kanati thyo, aliyense anatsinzina. M'kati munali kathabwa kobiriwira konyezimira, ndi kachipangizo kakuda kolembedwa chaka cha dzana. Mayiyo anaika zonse pansi, anazungulira tebulo, n'kuwerama pamaso pa a Hoshikawa mpaka tsitsi kukhudza mawondo.

"Ndalakwa ndine. Ndikanakuberani chimasomaso. Pepani kwambiri."

Anakhala chiweramire nthawi yaitali moti a Hoshikawa anayamba kupepesa nawonso. A Nabeshima anaona makutu a Kurata ali psuu, ndipo, kunena zoona, mumtima mwawo munalira kanyimbo kaja ka pomwe wamaliza gemu.

Makasitomala atatuluka, a Iwabuchi anatsitsa chitseko chachitsulo theka, dzuwa likadali pamutu. Anatenga kakhadi kaja n'kukayang'ana nthawi yaitali. Kenako, osakweza mutu, anafunsa mwakachetechete:

"Kozo, wapulumutsa sitolo. Unaona liti?"

Yankho linalipo, lophweka, lili pakhomo penipeni. Lero. Pompano, nyale itaunika. Palibe akanatsutsa, ndipo kachikwama kaja kakanagwera momwe kanayenera kugwera. Koma kunena choncho kunali kuvomera kuti iwo, Nabe-san a ku Nipponbashi, anadutsa pa kabati ija masabata atatu, m'mawa ndi madzulo, osaona chomwe mwana aliyense wa 1987 akanaona. Kunali kuvomera kuti iwo ndi mayi wa kamakinayu anapusitsidwa limodzi, mofanana. Kurata anali ataima pomwepo, akumvetsera.

"Tsiku lomwe lija!" Mawu anatuluka okha, okweza. "Asanailowetse n'komwe m'makina akewo. Sindinaigwire n'komwe, ndinangoiona ikudutsa!"

Anamva mawu awo omwe akubwerera kuchokera m'makatoni.

"Tsiku lomwe lija," anabwereza a Iwabuchi. Anapinda kakhadiko pakati, n'kukapindanso. "Anakupatsa m'manja. Ine ndili apa. Ndipo unandisiya ndidinde."

Kurata anayang'ana a Nabeshima, kukamwa kuli yasa. Anangotola tizidutswa ta kangowe kothyoka patebulo, kamodzikamodzi, n'kuika m'kambale.

Pa tsiku lachinayi la Januwale sitolo inatsegulidwa. Atatha kupatsana mafuno a chaka chatsopano, a Iwabuchi anatulutsa kachikwama kansalu n'kukapereka kwa Kurata ndi manja awiri. Iye anakana kawiri monga mwa ulemu, ndipo kukana kwachiwiriko kunamveka kochokera pansi pa mtima. Kachitatu analandira.

Masana ake mkuluyo anawapeza a Nabeshima pa masitepe akumbuyo.

"Maso ako ndi akuthwa kuposa anga, Kozo. Akhala choncho zaka makumi awiri, usaganize kuti sindidziwa. Koma uyu akalakwitsa ndimadziwa tsiku lomwelo. Iwe ukalondola ndimadziwa patatha masabata atatu."

"Ndisiye ntchito?"

"Upite kuti? Ndani angalembe munthu wonunkhiza pulasitiki?"

Sanasiye. Mukapita lero muwapeza pa tebulo lomwelo. Sabata yoyamba Kurata sanawalankhulitse kupatula za ntchito, ndipo m'sitolo munazizira kuposa panja. Sabata yachiwiri anabwera ndi kaseti yabuluu, n'kuiika patsogolo pawo, mano ataloza m'mwamba.

"Nabe-san. Muione. Ndipo munene lero, osati pa Marichi."

Anaiona, anainunkhiza, anati yeniyeni. Kuyambira pamenepo ndi momwe zikuyendera: palibe kaseti yodula yomwe imalowa m'kabati isanadutse pamphuno pawo, ndipo sanabisenso kanthu. Chomwe sangapirire ndi chotsatira chake. Kurata akangolowetsa dzanja m'thumba la epuloni kuti atenge chidindo, a Nabeshima amanyamuka, amatuluka, amawoloka msewu kupita pa makina ogulitsa zakumwa, amagula kachitini ka khofi, n'kumwa chiimire atafulatira sitolo mpaka atatsimikiza kuti inki yauma. Tsiku la malonda abwino amawoloka kasanu ndi kawiri. Mwezi watha dokotala anawayeza magazi n'kuwauza kuti achepetse khofi, apo ayi mtima uwavuta. A Nabeshima anati ayesetsa, koma zitengera katundu yemwe abwere.